Tulo ta Kagalu ndi Msana wa Wothyola Tiyi

Malonda ena akalowa m'chinenero chathu amavulidwa zovala. Yoga ya tiagalu ndi amodzi mwa malonda otere. Pa mapepala a Chingerezi oitanira alendo okaona malo, dzinali limatuluka ndi mawu awiri ofewa, ndipo woliwerenga salifunsa mafunso. Koma tayesani kulimasulira kuti agogo anu kumudzi amve. Mudzayenera kunena kuti anthu akuluakulu, ena a imvi, amalipira ndalama, kuyala timikeka pa kapinga, n'kuyamba kudziwongola ndi kupuma mwadongosolo, kwinaku ana a agalu a masabata ochepa akuwayenda pamsana ndi kuwanyambita kumaso. Agogo sadzavutika n'kufunsa kuti yoga n'chiyani. Adzafunsa kuti, "Nanga make wa tianato ali kuti?"

Funso limenelo ndi lolemera kuposa zonse zolembedwa pa mapepala aja.

Mwambowu si wakale. Mu 2016 mayi wina wa ku Oregon, m'dziko la America, dzina lake Lainey Morse, anayamba kulandira anthu pa famu yake kuti azichita yoga pakati pa mbuzi. Zithunzi zinafalikira pa intaneti, anthu anayamba kulembetsa mwaunyinji, ndipo amalonda anaona kuti chinsinsi si mbuzi ayi, koma kanyama kalikonse kamene kamaoneka bwino pa chithunzi. Panalinso amphaka, akalulu ndi tiagalu, ndipo tiagaluto tinapambana onse. Lero ku London, Paris ndi Toronto mlendo akhoza kugula ola limodzi la yoga ya tiagalu monga momwe agulira tikiti ya basi yoyendera mzinda. Chodabwitsa n'chakuti yoga inaphunzira kale kwa galu. Kaimidwe kena kodziwika kwambiri, kamene munthu amaponda pansi ndi manja ndi mapazi n'kukweza chiuno m'mwamba, dzina lake m'Chisanskriti ndi adho mukha svanasana, kutanthauza galu woyang'ana pansi, chifukwa ndi momwe galu amadziwongolera akadzuka kutulo. Kale galu anali mphunzitsi. Tsopano walembedwa ganyu.

Mawu amene amabwera kawirikawiri pa zoitanirazi ndi oti gentle. Womasulira ali ndi njira zingapo: kufatsa, kudekha, pang'onopang'ono. Koma kufatsa m'Chichewa ndi khalidwe la chamoyo. Timati mwana wofatsa, ng'ombe yofatsa, mfumu yofatsa. Ukati "yoga yofatsa" khutu limakana, limafuna kudziwa kuti wofatsayo ndani, ndipo akufatsira yani. Chingerezi chimalola kuti kufatsa kuyandame m'mwamba ngati nkhungu, kukuta aliyense wopezeka pamalopo. Chichewa chimatikakamiza kuloza chala. Ndipo tikaloza, timapeza kuti kufatsako n'kwa mawondo a mlendo, kuti asathyoke, ndi kwa mtima wa mlendo, kuti upume.

Za kagaluko tinazimva bwino mu Julaye 2023, pamene atolankhani a ITV News ku Britain anaonetsa zimene anajambula mobisa m'makalasi angapo. Tiagalu tina tinali ta masabata 6 okha. Tina tinkamanidwa madzi kuti tisakodzere mikeka ya makasitomala. Tinkasungidwa m'zipinda zotentha, ndipo tikagona tinkadzutsidwa kuti anthu atinyamule. Mabungwe a RSPCA ndi Kennel Club anadzudzula mchitidwewu. Chaka chotsatira, mu 2024, unduna wa zaumoyo ku Italy unalamula kuti pa zochitika zoterezi pazigwiritsidwa ntchito agalu akuluakulu okha. Mwa zonsezi, nkhani ya tulo ndiyo imandigwira kwambiri, chifukwa siyochokera ku nkhanza za munthu mmodzi woipa mtima. Ili m'kati mwa malondawo. Kagalu kakang'ono kamagona maola 18 kapena 20 pa tsiku, ndipo m'tulomo ndi momwe ubongo ndi mafupa ake zimakulira. Munthu amene walipira ola limodzi sanalipire kuti aone mulu wa ubweya ukufwenthera pakona. Choncho wina ayenera kukadzutsa. Mlendo wabwera kudzagula mpumulo, ndipo mpumulowo wachotsedwa pa kanthu kamene kamaufuna kuposa iye.

Pali funso linanso la masamu, losafuna dokotala wa ziweto. Kagalu kamakhala kagalu kwa masabata ochepa chabe. Kakafika miyezi inayi miyendo yatalika, mano akuthwa, ndipo sikakukwananso m'manja mwa munthu wojambula ndi foni. Kalasi imene imachitika Loweruka lililonse imafuna tiagalu tatsopano mwezi ndi mwezi. Ndiye kuti kwinakwake, kumene kamera siifika, kuli agalu aakazi amene ntchito yawo ndi kubereka.

Amalonda ochenjera anamva madandaulowa ndipo anayankha ndi mawu amodzi: panja. Tichoke m'zipinda zotentha, tipite pa udzu, pansi pa mitengo, pamalo okongola. Apa ndi pamene nkhaniyi imayandikira kwathu, chifukwa malo okongola otsika mtengo ali kuno, ndipo zimene zatchuka ku London sizichedwa kutulukira pa mndandanda wa zochitika za malo ogona alendo a kum'mwera kwa Africa. Chakudza sichiimba ng'oma. Ndikafuna kuyesa lingaliro lotere, ndimaliika m'chigwa cha Honde, kum'mawa kwa Zimbabwe, chifukwa sindidziwa malo ena amene angakope wojambula zithunzi za yoga kuposa amenewa.

Msewu wolowera m'chigwachi umatsika mokhotakhota kuchoka kumapiri, kudutsa minda ya nthochi mpaka pa Hauna, n'kupitirira cha ku Mandeya, kufupi ndi malire a Mozambique. Kumtunda kuli phiri la Nyangani, lalitali koposa onse m'Zimbabwe, mamita 2,592. Mathithi a Mutarazi amagwera m'chigwa chomwechi kuchokera pamtunda woposa mamita 700. Mtsinje wa Pungwe umadutsa pansi ulendo wa ku Beira. Ntchito yokopa alendo ilipo kale: ku Aberfoyle Lodge anthu amabwera kudzaona mbalame za m'nkhalango, kusewera gofu ndi kupalasa mabwato pa mafunde a Pungwe, ndipo pamwamba pa Mutarazi pali milatho ya zingwe yoyendapo olimba mtima. Koma chithunzi chimene chimagulitsa chigwachi ndi tiyi. Mapiri athunthu ovala zobiriwira, osalala ngati wina wawasita. Munthu wa ku Thyolo kapena ku Mulanje akafika kumeneko amaima kaye, chifukwa maso amamuuza kuti wafika kwawo.

Ikani mikeka khumi pamwamba pa chitunda chotere m'mawa, nkhungu ikukwera, tiagalu tikugudubuzika. Chithunzicho chingagulitse. Vuto n'lakuti kusalala kwa tiyi si chilengedwe. Tiyi ndi mtengo. Ukamusiya amakula kupitirira denga la nyumba. Amakhala wofika m'chiuno, wosalala ngati tebulo, chifukwa chakuti manja amabwerera pa chitsamba chilichonse pakatha sabata imodzi kapena ziwiri nyengo ya dzinja, kuthyola masamba awiri ndi kansonga, kuponya m'dengu la kumsana, kusuntha phazi limodzi, kuthyolanso. Ngakhale kumene kunabwera masizasi ndi makina odulira, pamafunikabe munthu wowanyamula pachitunda chotsetsereka. Pamafunika makilogalamu anayi kapena asanu a masamba aawisi kuti patuluke kilogalamu imodzi ya tiyi wouma, ndipo wothyola amalipidwa potengera zimene sikelo yanena. Bata limene mlendo amaliona ndi ntchito ya anthu owerama. Yoga imaphunzitsa kuwerama mosamala, msana wowongoka, mpweya ukulowa ndi kutuluka, masekondi makumi atatu kenaka n'kudzuka. Mamita ochepa kumunsi kwa mikekayo kuli mayi amene wawerama kuyambira mbandakucha, dengu likulemerera, mvula ikumulowa m'khosi. Mmodzi amalipira kuti awerame. Mnzakeyo amawerama kuti alipidwe, ndipo palibe amene amamuuza kuti amvetsere zimene thupi lake likunena.

Anthu oweramawo ali ndi mbiri, ndipo mbali ina ya mbiriyo imalankhula Chichewa. Tiyi wa Zimbabwe anayambira kum'mwera, ku Chipinge, pa famu ya New Year's Gift m'zaka za m'ma 1920, kumene kunachokera kampani ya Tanganda. Ku Honde minda ikuluikulu inatsegulidwa m'zaka za m'ma 1950. Monga zinalili m'migodi ndi m'minda ya fodya ya Southern Rhodesia, eni minda ankadalira kwambiri antchito ochokera kunja, a ku Mozambique ndi a ku Nyasaland. Agogo athu ankawadziwa malole a Ulere, amene ankanyamula anthu osalipira kuwapititsa kum'mwera, ndi Mthandizi, amene ankalemba anthu ntchito za m'mafamu. Ambiri ananyamuka n'cholinga chopeza ya msonkho ndi ya njinga, koma sanabwerere. Kwathu tinawatcha matchona. Kumeneko anawatcha mayina ena, monga mabhurandaya, kutanthauza anthu a ku Blantyre, ngakhale munthuyo atachokera ku Dedza. Anabereka ana m'makomboni, anawo n'kukula akulankhula Chimanyika kapena Chindau pabwalo, Chichewa m'nyumba ndi pamaliro. Chigwa chabatachi chinaonanso magazi: mu Disembala 1976, nkhondo ya ufulu ili m'kati, antchito 27 a m'minda ya tiyi ya ku Honde anaphedwa usiku umodzi.

Ufulu utabwera, zidzukulu za matchona zinapeza kuti zitupa zawo zili ndi chizindikiro chosonyeza kuti ndi alendo. Lamulo la unzika la 2001 linafuna kuti aliyense amene angathe kukhala nzika ya dziko lina akane unzikawo mwalamulo, ndipo anthu ambiri a m'mafamu, amene sanaonepo Malawi ndi maso, anapezeka kuti alibe dziko lililonse. Malamulo aakulu a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo linachokera m'mayiko a SADC, koma munthu amene makolo ake anamwalira opanda mapepala amavutikabe kutsimikiza kuti ndi ndani. Mu 2021 bungwe la Amnesty International linatulutsa lipoti la anthu opanda unzika m'Zimbabwe, ndipo mutu wake unatengedwa pa mawu a mmodzi mwa iwo, wodziyerekeza ndi nyama zosokera zopanda mwini. M'Chichewa kuyerekeza munthu ndi galu n'kutukwana, ndipo ine sindingayerekeze kutero. Koma fanizolo si langa. Ndikungonena kuti pamalo pamene anthu anafika polankhula motero za moyo wawo, kubweretsa kagalu kokhala ndi kabuku ka katemera, dzina la makolo ake ndi tsiku lobadwa, kuti kajambulidwe pamwamba pa munda wawo, si chinthu chimene tingachitche chofatsa popanda lilime kuluma.

Tsono galu alipo kale m'chigwachi, ndipo nayenso ali ndi mbiri imene zoitanira alendo siziidziwa. Galu wa m'komboni ndi wa m'mudzi ndi wowonda, wa makutu osongoka, wofiirira ngati dothi, mtundu umene akatswiri masiku ano amautcha Africanis. Ndi wantchito. Amalondera nkhuku, amathamangitsa anyani m'munda wa chimanga ndi nthochi, amaperekeza anyamata kuuzimba. Sagona pabedi ndipo sapsompsonedwa, koma amene amati Mwafirika sakonda galu sanaonepo mlenje akulira galu wake ataphedwa ndi nguluwe. Chikondi chake n'cha anthu ogwira ntchito limodzi. Galu wathu amagwiranso ntchito ya mawu. Achewa ndi Ashona tonse timadziwa kupatsa galu dzina lokhala ndi uthenga, kuti mayi akamaitana galu wake madzulo, "Ndatopanazo! Ndatopanazo!", mkazi mnzake kuseri kwa mpanda amve, koma asapeze pogwira mlandu. Kwa ine womasulira, limeneli ndi luso lalikulu kuposa galu woyang'ana pansi uja. Atsamunda anamuona galuyu mosiyana. Anamuika pa msonkho, namutcha wachabechabe wofalitsa matenda, pamene galu wawo wosakira mikango anamulembera malamulo a maonekedwe ku Bulawayo mu 1922, n'kumupatsa dzina la dziko lenilenilo, Rhodesian Ridgeback. Kusiyanitsa galu woyenera kunyamulidwa ndi galu woyenera kugendedwa kunayamba kalekale, ndipo yoga ya tiagalu imangokupitiriza. Tiagalu ta pa zithunzi zija nthawi zambiri timakhala ta mitundu yodula, ta ubweya wambiri. Kagalu ka m'komboni, kamimba kotupa ndi njoka, sikangalembedwe ntchitoyo.

Mawu oti panja nawonso sapulumuka akafika kuno. Kagalu kamalandira katemera pang'onopang'ono, ndipo chitetezo chake sichikwanira mpaka kafike pafupifupi masabata 16. Kachilombo ka parvo, kamene kamapha tiagalu ndi kutsegula m'mimba kwa magazi, kamakhala m'dothi kwa miyezi yambiri. Kapinga amene agalu ena amadutsapo usiku ndi malo oopsa kwa kagalu ka masabata asanu ndi atatu kuposa chipinda chotentha cha ku London. Onjezanipo nkhupakupa za m'chigwa chofunda ndi chachinyezi. Ndiyeno pali chiwewe. Bungwe la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, pafupifupi onse a mu Africa ndi Asia, ndipo anayi mwa khumi alionse ndi ana osakwana zaka 15. Pafupifupi onse amatenga matendawa kwa galu. Kagalu nakonso kamatha kukhala nacho, ndipo malovu ake pa kabala kakang'ono ndi okwanira. Mayi wa ku Mandeya amene amakalipira mwana wake kuti asagwire kagalu kachilendo sikuti ndi wouma mtima. Akudziwa kutalika kwa ulendo wopita kuchipatala, ndi mtengo wa jakisoni ngati apezeka. Mlendo akafika n'kumaphunzitsa ndi chitsanzo chake kuti kagalu kalikonse n'koika pankhope, mwana amene akusuzumira kumpanda amaphunzira, koma inshuwalansi ya mlendoyo siimukhudza.

Ena adzati ndikulemetsa nkhani yopepuka. Ali ndi mfundo zawo, ndipo zina n'zoona. Chimwemwe cha munthu amene kagalu kamugonera pachifuwa si chabodza. Anthu ambiri a m'mizinda ikuluikulu amakhala okha m'tizipinda momwe saloledwa kuweta kanthu, ndipo njala yofuna kukhudza chamoyo ndi njala yeniyeni. Kagalu nako kamafunika kuzolowera anthu kakadali kakang'ono. Pali makalasi ena amene amachitika mogwirizana ndi malo osungira agalu osowa eni, ndipo agalu ena amapeza mabanja mwa njira imeneyo. Ndipo munthu wa ku Honde amene angalembedwe ntchito yoyala mikeka sangandithokoze chifukwa chomuchotsera mwayi ndi nkhani ya pa intaneti. Koma taonani kuti mfundo zonsezi zimaima bwinobwino ngakhale galuyo atakhala wamkulu. Galu wamkulu wofatsa amatha kusankha: akafuna amabwera, akatopa amachoka n'kukagona pamthunzi. M'malo osungira agalu, amene amasowa owatenga ndi akuluakulu omwewo, osati tiana. Lamulo la ku Italy silinaletse munthu kudziwongola pafupi ndi galu. Linangochotsapo amene sangathe kukana. Ngati malonda amagwa galu akangopatsidwa mwayi wochoka, ndiye kuti chimene chinkagulitsidwa sichinali ubwenzi.

Chimene chimandivuta kwambiri pa zoitanira zotere, ndikamaziwerenga monga zolembedwa, ndi chakuti malo amasanduka nsalu yakumbuyo. Ola la yoga ya tiagalu ndi limodzimodzi ku Bali, ku Cape Town kapena ku Honde. Chimasintha ndi mtundu wa zobiriwira kumbuyo kwa mutu wa mlendo. Munthu akhoza kuuluka maola khumi ndi awiri, kutsika chigwa chonse chija, n'kubwerera osadziwa kuti tiyi ndi mtengo. Achewa amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo mwambiwu amaunena pofuna kuti tizimusamala mlendo. Koma amatinso mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, kutanthauza kuti kubwera kwake kumayenera kusiya kanthu.

Kalumo koteroko tinakaona ku Blantyre. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies, pogwirizana ndi a zaziweto a m'dziko muno, linabaya katemera agalu oposa 35,000 mumzindawu m'masiku 20, ndipo ntchitoyi yakhala ikubwerezedwa m'zaka zotsatira. Chiwerengero chimene amafuna ndi agalu 70 mwa 100 alionse, chifukwa chikakwana chimenecho chiwewe chimasowa podumphira. M'magulu obayawo mumakhala alendo odzipereka ochokera kunja, olipira okha ulendo wawo, akuyenda ndi Amalawi khomo ndi khomo ku Ndirande ndi ku Bangwe. Nawonso ndi ulendo wokaona dziko, nawonso ndi wa panja, ndipo tiagalu timapezeka tambirimbiri, chifukwa ana amabwera nato m'mabeseni, m'matumba ndi m'malaya. Ulendo umenewu si wofatsa. Muli fumbi, kuuwa, ndi kukwera mapiri dzuwa lili paliwombo. Sindikunena kuti mlendo aliyense asanduke wobaya jakisoni, ndipo ntchito zodzipereka za alendo zili ndi mavuto akeake. Koma pamenepo kagalu kamagwiridwa kwa masekondi ochepa, pa chifukwa chokomera iko, kamapakidwa utoto pamphumi kusonyeza kuti kabayidwa, n'kubwezedwa kwa mwana amene anabwera nako. Mwanayo amakanyamula kubwerera kwawo, kumene make akudikira kuseri kwa khitchini, mabere atadzaza.